Khofi wa ku Blantyre ndi Mbiri ya Mulu wa Manyowa

M'chaka cha 1878, mishoni ya Blantyre ikadali yakhanda, kunafika munthu wa ku Scotland wodziwa za zomera, dzina lake Jonathan Duncan, atanyamula timitengo titatu ta khofi tochokera ku Edinburgh. Ndipo ngakhale tiwiri tinafa, kamodzi kotsalako kanakula nikabala, kufikira mbewu zake zinafalikira m'mapiri a kuno kummwera. John Buchanan ndi abale ake anatsegula minda ku Zomba, azungu ena nawatsata, kotero kuti m'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye anali mfumu ya malonda a dziko lino, ndipo boma la atsamunda la Harry Johnston linajambula mtengo wake pa chizindikiro cha dziko.

Koma ufumuwo sunakhalitse, pakuti chitangopita chaka cha 1900 khofi wa ku Brazil anasefukira pamsika nagwetsa mtengo, tizilombo ndi matenda zinalowa m'minda, ndipo nthaka imene anaigwetsera nkhalango nayo inaguga, popeza eni minda anaikolola chaka ndi chaka osaibwezera kanthu kokwanira. Fodya, thonje ndi tiyi zinalanda malo, naye khofi anakapeza kwawo kwina m'mapiri a kumpoto, monga ku Misuku ndi ku Phoka, m'manja mwa alimi ang'onoang'ono.

Chimene azunguwo anachinyalanyaza, makolo athu anachidziwa kalekale, ngakhale sanachilembe m'buku. Iwo anaona kuti dzungu lomera padzala, pamene amayi amataya phulusa, gaga ndi zinyalala za pabwalo, limayanga koposa la kumunda. Anaona kuti pamene panali khola la ng'ombe chimanga chimabereka mosaumira. Ndipo pokonza munda ankaojeka udzu ndi mapesi m'nthumbira, kuti zivunde mvula ikagwa. Ngakhale m'fanizo la mkuyu wosabala, m'Uthenga wa Luka, wosunga munda anapempha chaka chimodzi chokha kuti aukumbire nauthirire ndowe.

Amene anasandutsa nzeru yakaleyi kukhala mwambo wa miyeso ndi masiku anali Albert Howard, Mngelezi amene anayang'anira malo ofufuzira zaulimi ku Indore, m'dziko la India, kuyambira 1924 kufikira 1931. Iyeyu, ataphunzira kwa alimi a kumeneko ndi kuwerenga za alimi a ku China, anaphunzitsa kuyala zinyalala za zomera, ndowe, dothi ndi phulusa mosanjikiza, kuzinyowetsa osazimiza, ndi kutembenuza muluwo kuti mpweya ulowe, kufikira patatha miyezi itatu zonse zitasanduka dothi lakuda lofumbutuka. Njira yake anaifotokoza m'buku limene analemba ndi Yeshwant Wad mu 1931, ndipo mwa oyamba kuilandira mu Africa munali eni minda ya khofi ku Kenya, amene anayamba kubwezera makoko a khofi kumitengo imene inawabala. Manyowa a dzenje, a chimato ndi a changu amene alangizi amaphunzitsa m'midzi mwathu lero ali pachibale ndi mulu wa ku Indore uja.

Tsono mbiriyi yafika ndi kukhitchini, pakuti nsenga zotsala khofi akaphikidwa, zimene ambiri amazikhuthulira kudzala osaganizako, zili ndi nayitrojeni, pafupifupi magawo 2 pa 100 aliwonse, ndipo asidi wake wambiri amakhala atapita ndi madzi amene tamwa. Komabe mwini dimba achenjere, chifukwa nsengazi zikathiridwa zokha mochindikala patsinde pa mbewu zimauma n'kuchita chikhakha chokana madzi, ndipo mbande zanthete zimapinimbira nazo. Malo ake ndi pamulu, zitasakanizidwa ndi masamba ouma, mapesi odulidwa ndi ndowe, zosapyola gawo limodzi mwa magawo asanu a mulu wonse. Pamenepo tizilombo tosaoneka ndi maso timazidya, mulu nutentha, ndipo ukazizira nyongolotsi zimadza kudzatsiriza ntchito.

Akulu anati kupatsa n'kuika, ndipo mawuwa akhudza nthaka monga akhudzira mnansi, pakuti munda umene ulandira zotsala za m'nyumba udzabweza m'nyengo yake, koma umene ungokamidwa udzatsata njira ya minda ya khofi ya ku Zomba. Chifukwa chake inu amene muli ndi kadimba kuseri kwa nyumba, kaya mumamwa khofi kaya tiyi, yambani mulu wanu mvula isanagwe, ndipo nsenga za m'mawa uliwonse muzikazithira pamenepo.