Aroma ndi Adatchi: mkangano umene unakwera mapiri a Dedza

Ku Kabwazi masiku ano, amayi a Chigwirizano ndi amayi a Chikatolika amachezera limodzi m'siwa, kulandirana nyimbo mpaka tambala. Agogo awo anakula nthawi ina, pamene mnyamata wa kwa Adatchi akafunsira mbeta ya kwa Aroma, ankhoswe ankayamba atuluka thukuta.

Mkanganowu unachokera kutali. Mu 1517, wansembe wa ku Germany, Martin Luther, anadzudzula mchitidwe wogulitsa zikalata za chikhululukiro, n'kuphunzitsa kuti munthu amapulumuka ndi chikhulupiriro ndipo Malembo ndiwo mwini mawu. Mpingo wa Katolika unayankha pa msonkhano wa ku Trent, kuyambira 1545 mpaka 1563: unakonza zina zolakwika, koma unaumirira pa masakramenti asanu ndi awiri ndi pa mwambo wa Mpingo poyenda limodzi ndi Malembo. Patapita zaka zoposa 300, mbali ziwirizi zinadzakumana m'mapiri athu ano, chilonda chisanapole.

Oyamba kukhazikika anali Adatchi, a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anatsegula Mvera mu 1889, kenako kunabwera Nkhoma mu 1896, Mlanda mu 1902 ndi Mphunzi, m'boma lomwe lino la Dedza, mu 1903. Kumbali ya Aroma, ansembe otchedwa Azibambo Oyera anafika ku Mua, kunsi kwa phiri, mu 1902, ndipo mu 1910 anakwera n'kumanga Bembeke.

Nkhondo yeniyeni inali ya masukulu. Kasukulu ka udzu kanali tchalitchi komanso chizindikiro choti mudzi uno uli ndi eni ake, choncho aphunzitsi ndi akatekisiti ankathamangira kwa nyakwawa kukapempha malo anzawo asanafike. Mafumu ena anachenjera msanga, n'kumasankha mishoni yowakomera. Kwa munthu wamba kusiyana sikunali pa nkhani za Trent. Kunali pa zooneka ndi maso: Adatchi ankaletsa mowa kotheratu pamene Aroma ankaletsa kuledzera, abusa anali ndi mabanja pamene ansembe sankakwatira, kuno kolona ndi ulemu kwa Amayi Maria, uko katekisima ndi nyimbo za m'buku. Chimene ankagwirizana n'chimodzi, kudana ndi gule wamkulu, ndipo Achewa ambiri anawakanira onse awiri. Ndimaona kuti mpikisanowu unathandiza ana ambiri kudziwa kuwerenga, koma unang'amba mabanja amene ankamwa chitsime chimodzi, pa mlandu umene sanaupalamule.

Ngakhale Baibulo linali pawiri. Buku Lopatulika, limene William Murray wa kwa Adatchi anatsogolera kumasulira, linatuluka mu 1922; Akatolika anapeza lawo, Malembo Oyera, mu 1966. Pofika nthawiyi zinthu zinali zitayamba kusintha. Mpingo wa Adatchi wa ku Nkhoma unalowa mu CCAP mu 1926. Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba wa Chimalawi, anadzozedwa mu 1957 kukhala episkopi wa Dedza. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, kuyambira 1962 mpaka 1965, unalola Misa m'zinenero za anthu ndipo unayamba kutchula Aprotestanti kuti abale. Zipatala za mipingo zinayamba kugwirira ntchito pamodzi m'bungwe limene lero timalitcha CHAM.

Mayeso aakulu anabwera pa 8 Malichi 1992, maepiskopi a Katolika atawerengetsa m'matchalitchi kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Masinodi a Blantyre ndi Livingstonia anaima nawo, n'kuthandiza kukhazikitsa bungwe la PAC. Sinodi ya Nkhoma, imene inali pafupi ndi boma la Kamuzu Banda, inatsalira. Apa mzere sunadutsenso pakati pa Katolika ndi Protestanti. Unadutsa m'kati mwa CCAP momwe, ndipo chogawanitsa chinali ndale, osati masakramenti. Zimandipweteka kuti chigawo chathu chino ndicho chinazengereza pa tsiku limene dziko linkafuna liwu limodzi.

Mu 1998 kunatuluka Buku Loyera, lomasuliridwa ndi Akatolika ndi Aprotestanti atakhala pa tebulo limodzi. Komabe pa guwa mpaka lero sadyera pamodzi: Mkatolika salandira mgonero wa ku CCAP, ndipo wa CCAP akapita ku Misa ya ukwati wa mlongo wake amakhala pansi anzake akamapita kukalandira Ukaristia.