Dzina la Opfermann: Chiyambi Chake, Tanthauzo Lake ndi Kumene Limapezeka

M'dziko la Germany muli maina a mabanja pafupifupi 850,000, ndipo amene ali ndi anthu ochuluka koposa ndi maina ochokera ku ntchito zimene makolo ankagwira. Müller anali mwini chigayo, Schmidt anali wosula zitsulo, Schneider anali telala, Fischer anali msodzi, pamene Weber anali woomba nsalu. Maina amenewa savuta kuwamasulira chifukwa ntchito zake zikudziwikabe. Koma alipo maina ena amene ntchito yake inasintha dzina kalekale, kotero kuti ngakhale eni ake ena sadziwa chimene kholo lawo linkachita. Limodzi mwa maina otere ndi Opfermann, dzina losowa limene chiyambi chake chili m'tchalitchi cha parishi. M'nkhani ino tifotokoza kumene linachokera, tanthauzo lake ndi madera amene limapezeka.

Tanthauzo la dzinali

Dzinali lili ndi mawu awiri. Mawu akuti Mann amatanthauza munthu wamwamuna, ndipo mawu akuti Opfer amatanthauza nsembe kapena chopereka. M'Chijeremani cha masiku ano, mawu akuti Opfer amagwiritsidwanso ntchito ponena za munthu amene wavulala kapena kufa pa ngozi, pa nkhondo kapena m'manja mwa achifwamba, ndipo achinyamata ena amawasandutsa chipongwe chonyozera mnzawo wofooka. Chifukwa cha ichi, munthu wongomva dzinali koyamba angaganize kuti kholo la banjali linali munthu watsoka. Maganizo amenewa ndi olakwika.

M'madera a pakati ndi kumpoto kwa Germany, Opfermann linali dzina la udindo wa munthu wosamala tchalitchi. Ankatchedwa choncho chifukwa imodzi mwa ntchito zake inali kulandira ndi kusunga zopereka za akhristu. Tikalimasulira molunjika, dzinali likutanthauza munthu wa zopereka. Si iye amene ankapereka Nsembe ya Misa, pakuti imeneyo ndi ntchito ya wansembe. Iye anali mkhristu wamba wothandiza bambo mfumu pa ntchito za tsiku ndi tsiku.

Ntchito ya munthu wa zopereka

Kulandira zopereka inali mbali yochepa chabe ya udindo wake. Iye ndiye ankasunga makiyi a tchalitchi, kutsegula m'mawa ndi kutseka madzulo. Ankaliza belu loitanira anthu ku Misa, belu la Angelus m'mawa, masana ndi madzulo, komanso belu lolengeza maliro. Ankasamala zovala za wansembe, mabuku, makandulo, vinyo ndi mkate wa Ukaristia. Ankatumikira pa guwa, kuyankha mapemphero a Chilatini, ndi kuperekeza wansembe popita kwa odwala, nyale ili m'manja, ngakhale pakati pa usiku kapena m'nyengo ya chisanu.

Popeza ntchitoyi inkafuna munthu wodziwa kuwerenga ndi kuimba, m'midzi yambiri wosamala tchalitchi ndiye anakhalanso mphunzitsi wa ana. Sukulu zambiri za m'midzi ya ku Germany zinayambira m'nyumba yake, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1500, ndipo m'madera ena maudindo awiriwa anakhala m'manja mwa munthu mmodzi mpaka m'zaka za m'ma 1800. Malipiro ake anali ochepa, ndipo gawo lalikulu silinali ndalama. Parishi inkamupatsa nyumba pafupi ndi tchalitchi ndi kamunda, ndipo mabanja ankamubweretsera tirigu pa nthawi yokolola, mkate, mazira ndi nyama pa nyengo za zikondwerero.

Mmene udindo unasandukira dzina la banja

Kale anthu a ku Germany ankakhala ndi dzina limodzi lokha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1100, mizinda ngati Köln itayamba kukula, anthu otchedwa Johannes, Heinrich kapena Konrad anachuluka kwambiri, ndipo alembi a misonkho ndi a malo anafunika njira yowasiyanitsira. Anayamba kuwonjezera dzina lachiwiri lochokera ku ntchito ya munthuyo, ku mudzi kwawo, ku dzina la bambo ake kapena ku maonekedwe ake. Pang'ono ndi pang'ono dzina lachiwirilo linayamba kupita kwa ana, ngakhale anawo atasankha ntchito ina. Pofika m'zaka za m'ma 1400 mwambowu unali utakhazikika m'madera ambiri, ngakhale kuti madera ena a m'mbali mwa nyanja kumpoto anachedwa mpaka m'zaka za m'ma 1800.

Panali zifukwa ziwiri zimene zinathandiza kuti udindo wa wosamala tchalitchi ukhale dzina la banja. Choyamba, m'mudzi munkakhala munthu mmodzi yekha wa udindowu, kotero kungonena kuti Heinrich wa zopereka kunali kokwanira kuti aliyense amudziwe. Chachiwiri, iye kawirikawiri anali munthu wapabanja, ndipo nthawi zambiri mwana ankalowa m'malo mwa bambo ake pa ntchitoyi. Apa pali kusiyana ndi maina ngati Bischof, kutanthauza episkopi, kapena Papst, kutanthauza Papa, amene amapezekanso ku Germany. Akatswiri amafotokoza kuti ambiri mwa maina otere anali onyogodola, kapena ankapatsidwa kwa munthu wogwira ntchito pa malo a episkopi. Koma dzina la Opfermann limanena za ntchito imene kholo linagwiradi ndi manja ake.

Mpingo unathandizanso kuti mainawa asungike. Msonkhano waukulu wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti parishi iliyonse izilemba maukwati ndi maubatizo m'mabuku, ndipo mu 1614 buku la miyambo la Rituale Romanum linawonjezera mabuku a anthu omwalira. Boma linatenga ntchito yolemba kubadwa, ukwati ndi imfa mu 1874 ku Prussia ndi mu 1876 m'dziko lonse la Germany. Kuyambira nthawi imeneyo kalembedwe ka dzina lililonse sikanasinthenso mwachisawawa monga kale, pamene mlembi aliyense ankalemba mmene wamvera.

Opfermann, Oppermann ndi Offermann

Dzinali lili ndi abale awiri amene ali ndi anthu ambiri kuposa ilo, omwe ndi Oppermann ndi Offermann. Onse atatu amanena za udindo umodzi, ndipo kusiyana kwawo kumatiphunzitsa za mbiri ya chilankhulo ndi ya Mpingo.

Kusiyana kwa Opfermann ndi Oppermann kumachokera ku katchulidwe. M'zilankhulo za kumwera kwa Germany, malembo akuti pp anasintha kukhala pf zaka zambirimbiri zapitazo, pamene kumpoto anakhala mmene analili. N'chifukwa chake chipatso cha apozi chimatchedwa Apfel kumwera ndi m'Chijeremani cholembedwa, koma Appel kumpoto. Oppermann ndi katchulidwe ka kumpoto, ndipo Opfermann ndi kalembedwe kogwirizana ndi Chijeremani cha m'mabuku.

Offermann ali ndi muzu wina. Akatswiri a chilankhulo, pakati pawo Theodor Frings, anaonetsa kuti mawu onena za chopereka analowa m'Chijeremani kudzera m'njira ziwiri kuchokera ku Chilatini cha Mpingo. M'chigawo cha Mpingo cha Köln munalowa mawu akuti offerre, kutanthauza kubweretsa kapena kupereka. M'chigawo cha Mainz ndi kumwera munalowa mawu akuti operari, kutanthauza kugwira ntchito, amene akhristu oyamba ankawagwiritsa ntchito ponena za ntchito zachifundo ndi kuthandiza osauka. Kuchokera ku offerre kunabadwa Offermann, ndipo kuchokera ku operari kunabadwa Oppermann ndi Opfermann. Madayosizi a Hildesheim ndi Halberstadt anali pansi pa arkiepiskopi wa ku Mainz, ndipo m'dera lomwelo ndi mmene dzina la Oppermann lili lofala. Tingathe kunena kuti malire akale a zigawo za Mpingo akuonekabe m'maina a mabanja.

Maina ena a udindo womwewu

Chifukwa chachikulu chimene dzina la Opfermann lili losowa ndi chakuti dera lililonse linali ndi mawu akeake onenera wosamala tchalitchi. Kumpoto ankati Küster kapena Köster, kuchokera ku mawu a Chilatini akuti custos, mlonda. Ku Bavaria, Austria ndi Tyrol ankati Mesner kapena Messner, kuchokera ku mansionarius, wosamala nyumba, ndipo dzinali silichokera ku mawu akuti Misa monga ambiri amaganizira. Ku Switzerland ndi Alsace ankati Sigrist, kuchokera ku sacrista. Ku Thüringen ndi madera oyandikana nawo ankati Kirchner, munthu wa tchalitchi, ndipo kwina ankati Glöckner, woliza belu.

Maina onsewa alipo mpaka lero. Reinhold Messner, amene mu 1978 anakwera phiri la Everest pamodzi ndi Peter Habeler popanda mabotolo a mpweya, ali ndi dzina la wosamala tchalitchi. Chimodzimodzinso Ernst Ludwig Kirchner (1880–1938), katswiri wojambula zithunzi. Ntchito ya mwini chigayo inali ndi dzina lofanana pafupifupi m'dziko lonse, n'chifukwa chake a Müller ndi ochuluka. Ntchito ya wosamala tchalitchi inagawika m'maina ambiri, ndipo lililonse linatenga kadera kake. M'Chijeremani cha lero mawu akuti Küster ndi Mesner ndiwo akugwirabe ntchito, pamene mawu akuti Opfermann anazimirira m'kamwa mwa anthu ambiri n'kutsala m'dzina la banja.

Kumene dzinali limapezeka

Akatswiri a maina ku Germany amawerenga kufala kwa dzina pogwiritsa ntchito mndandanda wa matelefoni a m'nyumba wa chaka cha 2005, umene unali ndi manambala pafupifupi 28 miliyoni. Mndandanda umenewu ndiwo maziko a buku la mapu a maina lotchedwa Deutscher Familiennamenatlas, komanso a dikishonale ya pa intaneti ya maina a mabanja imene likulu lake lili ku Mainz.

Mwa maina atatu aja, Oppermann ndilo lofala koposa, makamaka m'chigawo cha Niedersachsen, m'madera ozungulira Hannover, Hildesheim, Braunschweig ndi Göttingen. Offermann limapezeka kwambiri kumadzulo, m'dera la mtsinje wa Rhine, cha ku Köln ndi Aachen. Opfermann ndilo lili ndi anthu ochepa, ndipo kwawo kwenikweni ndi pakati pa dziko, kumpoto kwa Hessen ndi ku Eichsfeld.

Dera la Eichsfeld lili ndi mbiri yapadera mu Mpingo. Linali pansi pa ulamuliro wa arkiepiskopi wa ku Mainz mpaka 1802, ndipo linakhala la Chikatolika pamene madera olizungulira anatsata chiphunzitso cha Martin Luther. Gawo lake lalikulu linagwera m'dziko la East Germany kuyambira 1949 mpaka 1990, koma akhristu ake anasunga chikhulupiriro pansi pa boma la chikomyunizimu. Papa Benedict XVI anayendera malo opatulika a Etzelsbach m'derali pa 23 September 2011.

Anthu odziwika a mainawa

Mwa anthu a dzina la Opfermann tingatchule Ignaz Opfermann (1799–1866), katswiri wa zomangamanga wa mumzinda wa Mainz, ndi Bernhard Opfermann (1913–1995), wansembe wa Katolika amene analemba mbiri ya nyumba za amonke ndi asisitere za ku Eichsfeld. Thomas Oppermann (1954–2020) anali wandale wa chipani cha SPD ndipo anamwalira ali wachiwiri kwa sipikala wa nyumba ya malamulo ya Germany.

Kunja kwa Germany dzinali limalembedwa kawirikawiri ndi n mmodzi, Opperman. Hubert Opperman (1904–1996) anali katswiri wa mpikisano wa njinga ku Australia amene pambuyo pake anakhala phungu ndi nduna ya boma. Abale athu okhala ku South Africa amakumana nalo dzinali pakati pa anthu olankhula Afrikaans, ndipo D. J. Opperman (1914–1985) anali mlakatuli wotchuka wa chilankhulo chimenecho. Apa tiyenera kusamala, chifukwa m'chilankhulo cha ku Netherlands mawu akuti opperman amatanthauza wothandiza mmisiri womanga nyumba, wonyamula njerwa ndi matope. Kuti banja lidziwe tanthauzo lenileni la dzina lake, liyenera kufufuza m'mabuku a ubatizo dera limene kholo lake linachokera.

Udindowu mu Mpingo wa lero

Kwa zaka mazana ambiri, Mpingo unali ndi udindo waung'ono wa mlonda wa pakhomo, umene ofuna unsembe ankalandira asanafike pa udikoni. Papa Paul VI anauthetsa mu 1972 m'chikalata chake cha Ministeria quaedam, koma ntchito yeniyeni yosamala tchalitchi inali itakhala kale m'manja mwa akhristu eni ake. Malangizo a Misale ya Chiroma, pa ndime 105, amatchula wosamala sakristiya, otolera zopereka ndi olandira anthu pakhomo ngati anthu amene ali ndi gawo lawo pa mwambo wa Misa. Nkhoswe yawo ndi Guido Woyera wa ku Anderlecht, munthu wosauka amene anatumikira m'tchalitchi cha ku Laeken pafupi ndi Brussels, namwalira mu 1012. Chikumbutso chake chimachitika pa 12 September.

Mabuku a mbiri asunga maina a maepiskopi ndi a mafumu amene anamanga matchalitchi akuluakulu a ku Germany. Maina a anthu amene ankasesa, kuliza belu ndi kuwerenga zopereka sanalembedwe kawirikawiri, koma udindo wawo unapulumuka m'dzina limene adzukulu awo akulembabe pa ziphaso zawo. M'parishi iliyonse ya dayosizi yathu, ndi m'matchalitchi a kumidzi, alipo amayi ndi abambo amene amafika ena asanafike ndi kuchoka ena atachoka. Ndi bwino kuti tiwadziwe maina awo ndi kuwathokoza adakali nafe.