Kazitape

Mawuwa amachokera ku mneni "kutapa". Mayi amatapa ufa m'dengu, satenga dengu lonse, ndipo mwini wake sazindikira msanga kuti wachepa. "Kazitape" ndi lamulo la wotuma: pita ukazitape. Zotapazo ndi nkhani ndi zinsinsi za ena. Lamulolo ndi limene linasanduka dzina la munthu, ndipo ntchito yake ndi ukazitape.

M'nthawi ya chipani chimodzi, mpaka 1994, kazitape anali munthu wamaso ndi makutu. Ankakhala nanu pamowa, pamaliro, ngakhale m'basi, n'kukatula zomwe mwanena kwa apolisi a Special Branch. Anthu ankayamba acheuka asanatchule dzina la Kamuzu.

Lero dzinali lafika pa zinthu zopanda makutu. Bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi la MACRA litagula makina otchedwa CIRMS, anthu anangowatcha makina a ukazitape, poopa kuti boma lizimvetsera mafoni awo. MACRA inati makinawo ndi oonera ngati makampani a mafoni akugwira bwino ntchito, koma nkhaniyo inakathera kukhoti. Odandaula anatsamira pa gawo 21 la malamulo aakulu a dziko, lomwe limaletsa kulowerera pa makalata ndi mauthenga a pafoni a munthu.

Apa mawuwa akuperewera pang'ono. Kazitape wakale ankatapa zochepa, n'kuiwalako zina panjira. Kompyuta siiwala: imasunga nambala yomwe mwaimbira, nthawi yake, ndi dera lomwe munali. Ndipo kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni m'Malawi imalembetsedwa m'dzina la mwini wake.