MBIRI YA BRUCE LEE, KATSWIRI WA KUNG FU NDI MAFILIMU

Malemu Bruce Lee anali katswiri wa masewera omenyana a kung fu amene anadzakhala wocita sewero m'mafilimu, wolemba nkhani zake ndiponso wotsogolera kujambula kwake. Iwo amakumbukiridwa cifukwa cotsegulira njira anthu a ku Asia, pa nthawi imene makampani a mafilimu a ku Hollywood sanali kuwapatsa malo apamwamba.

A Lee anabadwa pa 27 November m'caka ca 1940 mumzinda wa San Francisco ku America, koma anakulira ku Hong Kong. Atate awo, a Lee Hoi-chuen, anali wocita masewero a nyimbo, motero mwanayo anayamba kuonekera m'mafilimu akali wamng'ono. Atasinkhuka anaphunzira mtundu wa kung fu wochedwa Wing Chun kwa mphunzitsi wochuka, a Ip Man.

M'caka ca 1959 anabwerera ku America. Anakhala mumzinda wa Seattle, kumene analowa sukulu ya University of Washington ndi kuyamba kuphunzitsa kung fu kwa anthu a mitundu yonse. M'caka ca 1964 anaonetsa luso lawo pa mpikisano wa karate ku Long Beach, ndipo izi zinawapezetsa nchito mu sewero la pa wailesi ya kanema lochedwa The Green Hornet, kucokera mu 1966 mpaka 1967. Mmenemo anali Kato, wothandiza wa mwini sewero. Mu 1967 anayambitsa kamenyedwe kawokawo ka Jeet Kune Do, kamene kamatenga njira zothandiza kucokera ku masewera osiyanasiyana.

Ngakhale anachuka, Hollywood sinawapatse mpata wokhala mwini filimu. Cifukwa ca ici, mu 1971 anapita ku Hong Kong ndi kugwirizana ndi kampani ya Golden Harvest ya a Raymond Chow. Filimu ya The Big Boss ya 1971 ndi ya Fist of Fury ya 1972 zinapeza ndalama zambiri kuposa mafilimu onse amene anaonetsedwapo ku Hong Kong kufikira nthawiyo.

Kupambana kumeneku kunawapatsa mphamvu yolamulira nchito yawo. Mu 1972 analemba, kutsogolera ndi kusewera okha filimu ya The Way of the Dragon, imene nkhani yake icitikira mumzinda wa Rome. Filimuyo imadziwika ndi ndewu ya pakati pa a Lee ndi a Chuck Norris m'bwalo lakale la Colosseum. Pamenepo kampani ya ku America ya Warner Brothers inawaitana kukhala mwini sewero mu Enter the Dragon.

Koma a Lee sanaone zipatso za filimuyo. Anamwalira mwadzidzidzi ku Hong Kong pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32, cifukwa ca kutupa kwa ubongo, filimuyo isanayambe kuonetsedwa. Anaikidwa m'manda a Lake View ku Seattle. Filimu ina imene anaisiya yosatha, Game of Death, inamalizidwa ndi anthu ena ndi kutulutsidwa mu 1978.

Mwana wawo, Brandon Lee, anamwalira mu 1993 pa ngozi ya mfuti pojambula filimu ya The Crow, ndipo anaikidwa pambali pa atate ake.