Kalasi ya Kutchire: Kuchokera ku Michiru Kufika ku Dambo la Njovu

Kwa ana asukulu a ku Chileka ndi Lirangwe, kalasi yakutchire yapafupi ndi phiri la Michiru, kumene mphunzitsi amaloza mapazi a fisi m'fumbi, ana ataunjikana, makope ali m'manja. Maulendo otere anakula ndi makalabu a zachilengedwe a bungwe la WESM, lomwe linayamba mu 1947 lili ndi dzina lina.

Madambo akuluakulu ali kutali. Wofuna kuona mvuu, ng'ona ndi akakowa amatsika zitunda za Thabwa kulowera ku Dambo la Njovu (Elephant Marsh), m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Kumeneko David Livingstone anaona njovu pafupifupi 800 mu 1859. Alenje anazitha psiti. Mu 2017 dambolo linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Koma ku Michiru, zomvetsa chisoni, owotcha makala apulula mitengo yambiri.