Nzeru za M'mabuku ndi Masitolo a ku Fort Jameson

Mzinda wa Chipata, umene pa masiku a Azungu unali kuchedwa Fort Jameson, uli m'cigwa cozingidwa ndi mapiri, kufupi ndi malire a dziko la Malawi. Kuyambira m'caka ca 1899, pamene Boma linamangidwa pamenepo, mitundu itatu ya anthu inayesa kupeza cuma m'dera limeneli, ndiyo Azungu, Amwenye, ndi eni dziko, Angoni, Acewa ndi Ansenga. Onsewa anali kufuna phindu, koma sananyamuke ndi kamba wofanana. Cifukwa cace mbiri ya masitolo a kumeneko ndiyo muyeso wabwino woyesera mabuku aja amene alonjeza kuti munthu ali yense wakhama, wosamala ndalama ndi waulemu adzapambana pa malonda.

Mabuku otere ndi akale ndithu. Benjamin Franklin, wosindikiza mabuku wa ku Philadelphia, anasonkhanitsa malangizo ace m'kabuku kamene kachedwa The Way to Wealth m'caka ca 1758. M'caka ca 1859 sing'anga wina wa ku Scotland, dzina lace Samuel Smiles, anaturutsa Self-Help, buku lodzala ndi mbiri za amisiri ndi amalonda amene anabadwa osauka nadzikweza ndi khama lao. Ngakhale David Livingstone, amene anayamba nchito m'nyumba ya makina a thonje ali kamnyamata, alimo. Mabuku 20,000 anagulidwa m'caka coyamba, ndipo mu 1871 bukuli linaturuka m'cinenero ca ku Japan. Pambuyo pace, mu 1936, Dale Carnegie wa ku America anaonjeza za kumwetulira ndi kukumbukira maina a anthu. Munthu akawafinya mabuku onsewa, cotsala m'manja ndi cimodzi: kulawirira ku nchito, kusadya zonse zimene wapeza, kuopa ngongole, kulemba colowa ndi coturuka, ndi kusapsetsa mtima wogula.

Zambiri mwa izi sizinali zacilendo kum'mawa kwa Luangwa. Anthu amene anali kunena kuti safunsa anadya phula, ndi kuti tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha, sanasowe mlendo wowaphunzitsa kufunsa nzeru kapena kupirira. Ndiponso malonda anawadziwa kale, pakuti minyanga, makasu, nsalu ndi mikanda zinali kuyenda ndi Abisa ndi Acikunda Azungu a ku England asanafike. Cacilendo cinali ndalama. Nkhokwe ikayamba kutsika mwini wace aona ndi maso, nacepetsa cimanga copita ku mtondo. Koma ndalama zitha mwakacetecete, ndipo mwini azindikira zitapita kale.

Ndalamazo zinabwera ndi nkhondo. M'mwezi wa January 1898 asilikali anagonjetsa Angoni a Mpezeni, mwana wace Nsingo anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Motero cuma cimene cikadakhala mpamba wa Angoni cinacoka tsiku limodzi. Dziko nalonso linali litapita: kampani ya North Charterland, poimirira pa mapangano amene Carl Wiese wa ku Germany anati anapangana ndi Mpezeni, inatenga masikweya mailosi 10,000. Msonkho wa masheleni 3 pa nyumba utaikidwa, amuna anayamba kuyenda pansi kunka ku Walale kukagwira nchito m'migodi ndi m'minda ya Azungu. Ndalama zimene iwo anabwera nazo ndizo zimene masitolo onse a ku Fort Jameson anali kulimbirana.

Azungu a North Charterland anayembekeza golide, koma sanampeze wokwanira. Tsono anatembenukira ku fodya. Pakati pa zaka za 1920 mtengo wa fodya unakwera, alimi atsopano anathamangira ku Fort Jameson, anakongola ndalama, namanga zigafa zowambira fodya; koma mu 1928 msika wa ku England unadzala, mtengo unagwa, ndipo ambiri anasiya minda yao napita. Anthu amenewa anali odziwa kuwerenga, ndipo malangizo a Smiles anali m'cinenero cao ceni-ceni. Anali ndi malo aakulu, anchito a malipiro ocepa, ndi Boma lowamvera. Koma panalibe buku limene likadafupikitsa mseu wa ku Limbe ndi Beira, kapena kukweza mtengo ku London.

Amene anakhazikika ndi Amwenye. Oyamba anafika ca m'ma 1905, ocokera ku Gujarat, ambiri a iwo Asilamu, ndipo analowa kudzera ku Nyasaland. Iwonso anali kusalidwa ndi Azungu, napatsidwa mbali yao-yao ya mzinda, kumene kuli masitolo ochedwa Down Shops. Macitidwe ao ayenera kuwayang'anitsitsa. Mnyamata akafika kucokera kwao sanali kutsegula sitolo pomwepo ai. Anayamba kugwira nchito kwa mbale wace zaka zingapo, kuyesa nsalu, kuphunzira Cinyanja, kudziwa nsalu imene akazi a Cingoni afuna ndi imene akana, kugona kuseri kwa sitolo, ndi kudya pamodzi ndi eni nyumba kuti malipiro ace asaonongeke. Pambuyo pace mbale uja anampatsa katundu pa ngongole, namtumiza kukatsegula kasitolo kumidzi. Mbaleyo nayenso anali kutenga katundu pa ngongole kwa amalonda aakulu a ku Limbe ndi Blantyre. Usiku, citseko citatsekedwa, zonse za tsikulo zinali kulembedwa m'buku m'malembo a Cigujarati.

Apa pali cinthu codabwitsa pang'ono. Zimene Franklin ndi Smiles analangiza zinacitika mokwana m'masitolo a anthu amene ambiri a iwo anafika osadziwa Cingerezi bwino. Iwo anaphunzira ndi manja pa thebulo logulitsira, ndipo pamwamba pa nzeruzo anali ndi cinthu cimene sicipezeka m'buku la malangizo, ndico cingwe ca ngongole cocokera ku doko kufikira kumudzi. Sikuti zonse zinali zoyera: anthu anadandaula kawiri-kawiri za mitengo yosintha malinga ndi nkhope ya wogula, ndi za malipiro ocepa a akapitao ndi atelala osoka pa khonde. Koma ngakhale wodandaulayo anabwerera komweko, pakuti kwa Mmwenye munthu anali kulowa m'kati, kugwira nsalu, kunenerera mtengo, ndi kulandira mbasela ya mcere kapena singano, pamene m'masitolo ambiri a Azungu a m'dzikomo munthu wakuda anali kugulira pa zenera.

Tsono nanga mwini dziko? Kawiri-kawiri iye anayamba motere. Atagwira nchito zaka zambiri ku Walale kapena ku migodi ya mkuwa, anabwerako ndi njinga, makina osokera ndi mapaundi owerengeka. Anapempha ciphaso ca malonda, namanga kanyumba pambali pa mseu, naikamo mcere, sopo, parafini, maceso, shuga ndi nsalu pang'ono. Katunduyo anampikula kwa Mmwenye wa m'tauni, amene analinso ndi sitolo yace-yace pa mtunda waufupi, yogulitsa zomwezo. Analipira ndalama pamanja, cifukwa analibe mbale ku Limbe, ndiponso m'zaka za 1930 Boma linaika lamulo lopinga kugulitsa katundu pa ngongole kwa anthu akuda. Lamuloli anati ndi lochinjiriza anthu ku ngongole, koma linachinganso wamalonda wamng'ono kuti asakule. Banki nayo sinamdziwe, popeza malo a m'midzi sanali kuyesedwa cikole.

Pokhala mpamba unali wocepa cotere, kulakwa kwakung'ono kunali kokwanira kugwetsa sitolo, ndipo apa ndipo pamene malangizo a m'mabuku anali ndi nchito yoona. Ambiri anagwa cifukwa ca kusasiyanitsa ndalama zogulitsa ndi phindu. Munthu akagulitsa katundu wa mapaundi 5 naona ndalamazo m'mbale, anayesa zonse ndi zace, osakumbukira kuti mapaundi 4 ndi theka ndi a katundu wa mawa. Mkazi wace anatenga shuga wa tiyi, mwana anatenga sopo, ndipo palibe analemba. Pakutha miyezi isanu ndi umodzi mashelefu anali mbee, mwini wace osadziwa kumene cuma calowera. Kabuku ka makobiri ocepa kongonena kuti shuga wa m'nyumba alembedwe monga wa mlendo kakadapulumutsa masitolo ambiri.

Koma panali mfundo imene olemba a kutsidya kwa nyanja sanaiganizire. Iwo analembera munthu wokhala yekha ndi mkazi wace ndi ana ace, pamene wamalonda wa Cicewa anali mwini mbumba. Alongo ace ndi ana ao anali pa mapewa ace: msonkho wa mphwace, nsalu ya maliro, mbuzi ya mlandu. Amalume akafika pa sitolo ndi kunena kuti, “Mphwanga, kunyumba kulibe mcere,” sanali kupempha ngongole yolembedwa m'buku, ndipo kuwaturutsira pensulo kukadakhala mwano waukulu. Buku linati sunga. Mudzi unati kupatsa nkuika. Ndipo mudzi sunali wopusa, pakuti pa caka ca njala, monga ca 1949, kapena pa tsiku la matenda, munthu anali kupulumuka ndi abale amene anawapatsa kale. Wokana abale ace nalemera yekha anali kunong'onedwa kuti wakhwima. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Acewa a dera lino m'zaka za 1940 ndi 1950 nalemba buku lace mu 1965, anapeza kuti milandu yambiri ya ufiti inali pakati pa abale a mbumba imodzi. Potsiriza, mwini sitolo akamwalira, mwana amene anaphunzira nchito pambali pace sanali wolowa m'malo. Cuma cinali kupita ku mbumba, ndipo kawiri-kawiri katundu anagawidwa, sitolo nitsekedwa. Amalonda ena ocenjera anathawa mabvuto amenewa pomanga sitolo kutali ndi mudzi wa kwao, nzeru imene sanaiwerenge m'buku lina liri lonse.

Mabuku a Cingerezi aja anali kufika kwa owerengeka okha, aphunzitsi ndi akalaliki. Kuwerenga kwa anthu wamba kunadza ndi amishoni, monga a Dutch Reformed amene anayamba ku Magwero mu 1899 ndi ku Madzimoyo mu 1903. Nyuzi ya Boma ya Mutende inayamba mu 1936 ndi masamba a Cinyanja, komiti ya mabuku a zinenero za m'dziko inakhazikitsidwa mu 1937, ndipo mu 1948 inalowedwa m'malo ndi Publications Bureau ya maiko awiri a Northern Rhodesia ndi Nyasaland, imene inaturutsa timabuku totsika mtengo ta nthano, miyambo, ulimi ndi ukhondo. Komabe phunziro limene linathandiza wamalonda koposa linali samu za ku sukulu ya m'mudzi. Izi zinaoneka bwino pamene Boma, litagula dziko la North Charterland mu 1941, linayambitsa minda ya alimi a pulawo ndi ng'ombe mu 1948, ndipo mabungwe a makoparetivi anayamba kugula nsawa za Chalimbana. Bungwe liri lonse linasowa mlembi wodziwa kuyesa pa sikelo ndi kusunga mabuku, ndipo kumene mlembi anali wosokoneza, alimi anataya mtima msanga.

Ciyeso cacikulu cinafika ufulu utabwera. M'mwezi wa April 1968, caka comwe kwaca ndi ngwee zinalowa m'malo a paundi ndi sheleni, President Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi kuti ziphaso za masitolo a kumidzi ndi a kunja kwa pakati pa matauni zidzapatsidwa kwa nzika za Zambia zokha. Amwenye ena anatenga unzika napitiriza malonda ao, koma ambiri anagulitsa masitolo a kumidzi. Pamenepo khomo limene linatsekedwa zaka 60 linatseguka, ndipo anthu a mitundu-mitundu analowapo: aphunzitsi opuma nchito, akalaliki, alimi, akuluakulu a cipani, ndi akapitao amene anatumikira m'masitolo omwewo.

Nyumba inagulidwa, mashelefu ndi sikelo zinagulidwa, koma cingwe ca ngongole cija sicinali pa malonda. Cinapita ndi mwini wace. Masitolo ena anakhala ndi katundu miyezi yocepa, kenaka anasanduka mogulitsira mowa kapena mosungira cimanga. Amene anali ndi mwai wolimba anali aja anaima zaka zambiri kuseri kwa thebulo, odziwa nthawi yopikula makasu mvula isanagwe ndi nthawi yodzaza nsalu nsawa zitagulidwa, ngakhale ena a iwo sanapitirire Standard 4. Ndipo ngakhale iwowa anakomana ndi zimene sanazipange okha. Malire a Rhodesia anatsekedwa mu 1973, mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, kupikulitsa katundu kunali kwambiri m'manja mwa makampani a Boma, ndipo mitengo inaikidwa ndi Boma. M'zaka zimenezo wamalonda wa ku Katete kapena Chadiza, wosunga buku lace bwino-bwino, anali kukwera basi kunka ku Chipata ndi ndalama m'thumba kukafuna sopo, mcere ndi mafuta ophikira, nabwerako madzulo ndi ndalama zomwezo.