Mtsikana ndi bambo wachikulire: mbiri ya nkhani yachikondi yokanika kukalamba

Ku Khuyu, pa chilumba cha Likoma, kuwerenga kudayamba kale. Amishoni a UMCA atakhazikika pachilumbachi m'zaka za m'ma 1880 adatsegula sukulu za anyamata ndi atsikana, ndipo m'ma 1890 makina awo anali akusindikiza kale nyuzipepala ya Nyasa News. Munthu wodziwa kuwerenga sathera pa Baibulo ndi buku la nyimbo. M'zikwama za ana asukulu otsika Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, munkabweranso timabuku tachikondi tothothoka zikuto, tobwerekana mpaka masamba omaliza kusowa.

M'mabuku oterewa muli nkhani imodzi yobwerabwera: mtsikana wosauka ndi bambo wachuma, wamsinkhu wa atate ake, wouma mtima mpaka mtsikanayo atamufewetsa. Gwero lake ndi ku England. Mu Emma wa Jane Austen, wa 1815, mkwati akuposa mkwatibwi ndi zaka 16. Mu Jane Eyre wa Charlotte Brontë, wa 1847, mtsikana wa zaka 18 akukondana ndi Rochester, bwana yemwe adamulemba ntchito yophunzitsa mwana, womuposa ndi zaka pafupifupi 20. Kampani ya Mills & Boon, yomwe idayamba ku London mu 1908, idadzasandutsa nkhaniyi malonda: dokotala ndi namwino, bwana ndi mlembi wake.

Panali chifukwa chake. Nthawi ya Brontë mkazi anali ndi njira zochepa zopezera ndalama, ndipo akakwatiwa katundu wake ankakhala wa mwamuna, kufikira malamulo a 1870 ndi 1882 atasintha zinthu. Kukwatiwa ndi munthu wokhazikika kunali kupeza pogona. Koma Brontë ankalidziwa vuto lake. Jane atazindikira kuti Rochester ali ndi mkazi wina wobisidwa m'nyumba momwemo, akunyamuka m'bandakucha n'kuthawa, kukana kukhala chibwenzi chosungidwa. Akubwerera pokhapokha atalandira chuma cha mapaundi 20,000 chosiyidwa ndi mbale wa atate ake, ali woima payekha. Ambiri otsanzira Brontë adatenga bambo wachumayo, n'kusiya ufulu wa mtsikanayo.

Alembi a mu Africa adaiona nkhaniyi ndi maso ena. David Maillu wa ku Kenya, mu After 4.30 wa 1974, adaonetsa zimene mabwana amachita ndi atsikana a mu ofesi akaweruka. Wopambana onse, m'kuona kwanga, ndi Mariama Bâ wa ku Senegal, yemwe buku lake lidatuluka mu 1979 ndipo ambiri timalidziwa ndi dzina loti So Long a Letter. Wofotokoza nkhani ndi Ramatoulaye, mayi wa ana 12, yemwe mwamuna wake Modou akukwatira Binetou, mnzake wa mwana wawo wamkazi. Binetou akusiyitsidwa sukulu, mayi ake akulandira nyumba ndi ulendo wa ku Mecca. Bâ sakumunyoza mtsikanayo. Akutionetsa amene adapindula ndi amene adalipira.

Kwathu kuno mabuku achikondi adakula ndi Popular Publications ya ku Limbe kuyambira 1974, ndi Aubrey Kalitera yemwe ankadzisindikizira yekha pansi pa Power Pen Books, kuphatikizapo Why Father Why wa 1982, komanso ndi alembi a Chichewa monga Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba. Iwowa adachotsa chikondi m'nyumba zachifumu za ku Ulaya n'kuchiika m'malo odziwika kwa ife. Ndipo m'nkhani zifupizifupi za m'manyuzipepala ndi m'masewero a pawailesi, bambo wofuna ana asukulu sakhala ngwazi. Amatchedwa chidyamakanda basi.

Owerenga athu sadafunikire kuuzidwa, chifukwa adaziona. Amuna ankapita ku Joni ndi ku Salisbury, n'kubwerako atakula, ali ndi njinga, wailesi ndi sutikesi yodzaza, ndipo makolo ena ankavomera ukwati mwana asanafunsidwe. Lero ndi mwini boti ndi chilimira, kapena wogula usipa wobwera ndi ndalama m'thumba. Kafukufuku wa ku Zomba, wosindikizidwa mu The Lancet mu 2012, adapeza kuti atsikana asukulu olandira kandalama mwezi uliwonse ankapewa zibwenzi za amuna akuluakulu, ndipo kachilombo ka HIV kankapezeka mwa ochepa poyerekeza ndi anzawo osalandira. Lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko mu 2017, zidatseka nkhani ya ana: wosafika zaka 18 sakwatiwa.

Akuluakulu awiri osiyana msinkhu okondana moona alipo, ndipo maukwati awo ndi oyenera ulemu. Chondidetsa nkhawa ndi nkhani zodzaza m'mafoni a atsikana masiku ano, za mabwana olemera kotheratu, momwe nsanje ndi kulamula zimaoneka ngati chikondi. Alembi athu, tilembereni nkhani ya mtsikana wa ku Khuyu womaliza Fomu 4, wokhala ndi ndalama zakezake, wotha kukana, kenaka n'kusankha yekha womukonda.